Kufufuza Polowera Kuwala mu Kamera ya Filimu

Kamera ya filimu ndi bokosi lamdima lokhala ndi khomo limodzi lokha lololedwa, lomwe ndi lenzi, ndipo khomolo limatseguka kanthawi kochepa kwambiri shutter ikadinidwa. Kuwala kulikonse kofika pa filimu kudzera pena kumasiya banga. Pa chithunzi chotsukidwa bangalo litha kukhala chimzere chofiira chochokera m'mphepete, chifunga choyera chophimba theka la nkhope ya munthu, kapena kadontho kowala kobwerezabwereza pamalo amodzimodzi.

Makamera ambiri a filimu amene anthu akugula akale masiku ano ndi a zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Pentax K1000 ndi Canon AE-1 anatuluka mu 1976, Nikon FM mu 1977. Zitsulo zake n'zolimba mpaka lero, koma opanga anatseka mipata ya chitseko chakumbuyo ndi timizere ta siponji yakuda, ndipo siponji sikhalitsa ngati chitsulo. Ikakalamba imanyenyeka kapena imasungunuka n'kusanduka phala lakuda lomata. Kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa zimenezi. N'chifukwa chake ambiri akangoona banga amathamangira kusintha siponji. Kawirikawiri amalasa, koma osati nthawi zonse. Kuwala kutha kulowera pa katani ya shutter, pa kachitini ka filimu, kapena komwe filimuyo inakatsukidwa, ndipo mabanga ena sachokera ku kuwala n'komwe. Kufufuza kumayambira pa negativu, kamera imagwiridwa pambuyo.

Chofunika ndi negativu yonse, osati zithunzi zosindikizidwa kapena zotumizidwa pa foni. Makina osikana amadula m'mphepete, pomwe umboni waukulu uli m'mphepete momwemo. Wokatsukitsa filimu anene momveka kuti manegativu ake abwere, ndipo ngati n'kotheka asadulidwe. Negativu imayalidwa pa chinthu choyera chowala, monga sikirini ya foni kapena ya kompyuta itatsegulidwa tsamba loyera, ndipo imagwiridwa m'mbali mokha. Pa negativu zinthu n'zotembenuka: pamene panafika kuwala kwambiri m'pamene pali pakuda. Choncho banga lowala la pa chithunzi limaoneka apa lakuda, ndipo lofiira lija limaoneka lobiriwira modera.

Funso loyamba n'lakuti bangalo lathera pati. Pa filimu ya 35mm chithunzi chilichonse n'chotalika mamilimita 36 ndi 24 m'lifupi, ndipo malire ake amadulidwa ndi zenera lachitsulo lomwe lili kumbuyo kwa shutter. Kuwala kochokera kutsogolo kumadutsa pa zenera lomwelo, motero sikungadetse m'mphepete momwe muli timabowo ndi manambala. Ngati banga lathera ndendende pamalire a chithunzi, m'mphepete muli mbee, vuto lili kutsogolo kwa filimu: shutter, lenzi, kapena posuzumira. Ngati ladumpha malire n'kufika pa timabowo, kuwala kunabwera kuchokera kumbuyo kapena m'mbali, ndipo pokayikitsa ndi pa chitseko, pa kachitini, kapena kotsukira. Funso limodzi lokhali limachotsa theka la malo ofunika kuyang'ana.

Lachiwiri ndi mtundu wa banga, ndipo limathandiza pa filimu ya mitundu yokha. Filimu yotere ili ndi magawo atatu omva kuwala, osanjikizana. Gawo lapamwamba, loyang'ana ku lenzi, limamva buluu; lapakati limamva zobiriwira; lapansi, loyandikana ndi pulasitiki ya filimuyo, limamva zofiira. Kuwala kobwera kuchokera kumbuyo kumayamba kufika pa gawo lomva zofiira, ndipo kochepa kokha ndiko kumapyola mpaka pamwamba. N'chifukwa chake banga la pa chitseko limatuluka lofiira kapena la olenji, ndipo pakati pake, pomwe kuwala kunachuluka, pamatha kukhala pachikasu. Kuwala kofika kutsogolo kumakhudza magawo onse atatu, ndiye banga lake limakhala loyera kapena lotuwa mokhala ngati buluu. Lamuloli lisatengedwe ngati losaphwanyika. Makamera ena amakulunga filimu mbali yomva kuwala ikuyang'ana kunja, motero kuwala kwa pa chitseko kutha kuipeza kutsogolo kwake n'kusiya banga loyera.

Kenaka munthu amayang'ana mmene bangalo likubwerera. Kamera ikakhala ndi mpata, mpatawo susuntha, filimu ndiyo imadutsa. Choncho banga la kamera limagwa pamalo amodzimodzi poyerekeza ndi malire a chithunzi, ngakhale kuda kwake kumasiyana. Chimzere chodula filimu kuchokera m'mphepete mwina kukafika mwinamo chimaloza mbali ya mahinjesi kapena mbali ya loko wa chitseko. Mzere woyenda motsata utali wa filimu, pamwamba kapena pansi, umaloza tingalande momwe mlomo wa chitseko umalowa. Banga la makona anayi kapena lokhota pang'ono lopezeka pafupi ndi mbali ya kachitini nthawi zambiri limachokera pa kazenera kowerengera mtundu wa filimu, kamene makamera ambiri a m'ma 1980 ndi 1990 ali nako pa chitseko, kozunguliridwa ndi siponji yakeyake. Kadontho kakang'ono kozungulira mkati mwa chithunzi ndi chizindikiro cha kabowo pa katani. Kabowo kotere kamatha kujambulanso kamzere kodutsa pakati pa zithunzi ziwiri ngati filimu inakokedwa padzuwa, koma pa timabowo ta m'mphepete sikafika.

Apa m'pamene ambiri amasokera. Lenzi imatembenuza chithunzi, moti thambo la pa chithunzi limakhala pansi m'kamera, ndipo dzanja lamanzere limakhala kumanja. Wofufuza amene waona banga pamwamba pa chithunzi n'kukasintha siponji ya pamwamba wakonza malo olakwika. Njira yosaphonya ndi kubwezera negativu m'kamera mmene inakhalira. Chitseko chimatsegulidwa, negativu imayalidwa pa njanji zake, mbali yothimbirira ikuyang'ana ku lenzi, mbali yonyezimira ikuyang'ana kwa munthu, chithunzi chili chadodolido. Zikakhala bwino, zilembo za m'mphepete zimawerengeka koma mozondoka, ndipo manambala aang'ono amakhala kumbali ya chokulungira filimu.

Zikatero sikuti chithunzi chabangacho chiikidwe pa zenera n'kuthera pomwepo. Filimu imatha kupsa isanafike pa zenera kapena itadutsa kale. Pa makamera ambiri kachitini kamakhala kumanzere, chokulungira kumanja, mahinjesi kumanja komweko. Chithunzi chikajambulidwa n'kukokedwa, chimakaima pafupi ndi mahinjesi, ndipo chimadikira pamenepo mpaka chithunzi chotsatira chitajambulidwa. Ngati siponji ya pa mahinjesi yatha, chithunzi chimene chimaonongeka ndi chojambulidwa kale chija. Motero negativu imasendezedwa chithunzi chimodzi chathunthu kumanja, kenaka china, kenaka kumanzere, nthawi iliyonse malire a chithunzi china atakhala bwino pa zenera, mpaka banga litakumana ndi mpata, kona, kapena siponji yodyeka. Chithunzi chilichonse chimatenga timabowo 8, ndipo kuwerenga timabowoti kumathandiza kuyeza mtunda molondola. Makamera ena a batire, monga ena a Canon EOS, amayamba akokera filimu yonse kunja n'kumaibwezera m'kachitini chithunzi chilichonse chikajambulidwa. Pa amenewo kayendedwe n'kobwerera m'mbuyo.

Nthawi nayonso ndi umboni. Mpata waung'ono umafuna nthawi kuti udetse filimu. Zithunzi zojambulidwa motsatizana pa ukwati, m'mphindi zochepa, zitha kutuluka zonse zoyera bwino, koma chomaliza cha tsikulo, chomwe chinakhala pafupi ndi mahinjesi sabata yathunthu kamera ikuyenda padzuwa, n'kutuluka ndi chimzere chofiira. Banga lopezeka apa ndi apo silitanthauza kuti kamera ili bwino. Limangosonyeza kuti mpatawo ndi waung'ono, ndipo wojambula akakumbukira pamene anapumira kujambula, amapeza kuti mabanga akugwa pomwepo.

Kamera isanaweruzidwe, pali zinthu zingapo zofunika kuzichotsa pa mlandu. Kupsa kwa chithunzi choyambirira, theka lakuda theka labwino, si vuto. Ndi mbali ya filimu imene inali panja poika. Mabanga opezeka pa zithunzi ziwiri kapena zitatu zoyamba zokha amachokera pa mlomo wa kachitini, pomwe pali kansalu kaubweya kotchinga kuwala, makamaka filimu ikaikidwa padzuwa lamasana kapena kachitini kakakhala kogwiritsidwa ntchito kambirimbiri. Chitseko chikatsegulidwa mwangozi filimu ili mkati, zithunzi zingapo zotsatizana zimapseratu, zoyandikana nazo zimakhala ndi zithunzithunzi za timabowo, ndipo kutsogolo kwake zonse zimabwerera mwakale. Dzuwa lowomba pa lenzi limapanga timawanga tozungulira kapena ta makona ndi chifunga, koma zimenezi zimathera mkati mwa chithunzi ndipo zimagwirizana ndi komwe dzuwa linali. Kufiira kozungulira magetsi pa filimu ya CineStill ndi chibadwa cha filimuyo, popeza inachotsedwa gawo lakumbuyo lomwe limameza kuwala kobwerera.

Makina ounikira katundu pa bwalo la ndege amasiya chifunga pa filimu yonse kapena mizere yokhotakhota yosalabadira malire a zithunzi, ndipo makina atsopano a CT ndiwo owononga kwambiri. Kotsukira nakonso kumalakwika. Timizere totsika kuchokera pa timabowo tonse mofanana kawirikawiri timabwera chifukwa cha kakhutchumulidwe ka mankhwala m'thanki. Otsuka okha kunyumba ndi thanki ya Paterson akaiwala kuika kapaipi kapakati, kuwala kumalowera pothirira mankhwala n'kudetsa filimu. Timizere topyapyala todula filimu motsatizana timachokera pa kubweza filimu mozungulira molakwika kapena mokakamiza, chifukwa filimu ikapindika mwamphamvu imada ngati yaona kuwala. Chinthu chimodzi chimalekanitsa zonsezi ndi vuto la kamera: filimu yachiwiri, yochokera m'bokosi lina, yotsukidwa tsiku lina, ikatuluka ndi banga pamalo omwe aja, kamera ndiyo yolakwa.

Tsopano kamera itha kutsegulidwa. Poyang'ana ndi m'tingalande tiwiri, ka pamwamba ndi ka pansi, kenaka pa mahinjesi, pa loko, ndi pa kazenera ngati kalipo. Kamtengo kotokosera mano kakakhudzidwa pang'ono pa siponji, yabwino imabwerera, yakufa imabonyoka osabwerera kapena imamatirira pa kamtengoko. Mlomo wa chitseko ukakhala ndi mzere wakuda womata, ndiye kuti siponji ya m'kangalande yasungunuka. Chitseko chenichenicho chiyang'aniridwe ngati sichinapindike: chikatsekedwa chisagwedere, ndipo chikadinidwa m'makona chisalowe mkati mosiyana. Pa kamera yokhala ndi kalilole mkati, lenzi ikachotsedwa, pamwamba pomwe kaliloleyo amakagunda palinso kasiponji kena. Kameneka ntchito yake yaikulu ndi kufewetsa kugunda, koma kakanyenyeka zinyenyeswa zake zimamatirira pa kalilole ndi pa galasi lolunjikitsira chithunzi.

Kuyesa ndi tochi kumachitikira m'chipinda chamdima weniweni, usiku, makatani a m'mazenera atatsekedwa. Kanyali kakang'ono ka LED, konga ka pa makiyi, kamayatsidwa n'kuikidwa m'malo mwa kachitini, chitseko n'kutsekedwa mosakakamiza, lenzi itavalidwa chivindikiro. Maso amafuna mphindi zosachepera 5 kuti azolowere mdima, ndipo wothamanga saona kanthu. Kamera imatembenuzidwa pang'onopang'ono mbali zonse, diso likuyang'ana motsata mpata wa chitseko osati molunjika pokha, chifukwa kuwala kumatuluka mopendekeka. Kenaka nyaliyo imasamutsidwira kumbali ya chokulungira ngati malo alipo, kusamala kuti isakhudze katani. Pakaoneka kuwala ngakhale kochepetsetsa, pamenepo pali mpata. Pakapanda kuoneka kanthu, nkhani siinathe, popeza filimu imasonkhanitsa kuwala kwa maola ambiri pomwe diso limangoona kwa nthawi yomweyo.

Shutter imayesedwa payokha. Lenzi imachotsedwa, chitseko chimatsegulidwa, tochi imaunikira mbali imodzi ya katani diso lili mbali inayo. Pa kamera yokhala ndi kalilole, kaliloleyo amayamba wakwezedwa mosamala kuti asatchinge. Makatani ndi awiri, ndipo iliyonse imaonekera nthawi yake: ina shutter ikakokedwa, inayo itadinidwa kale. Onse awiri ayesedwe, komanso ayang'anidwe pamene chokokera chikuyenda pang'onopang'ono, chifukwa pomwe makataniwo amalumikizana pamatha kutseguka kampata. Makatani a nsalu yopaka labala, monga a Zenit, Zorki, FED ndi Leica, amauma n'kuchita timabowo tambirimbiri. Pa makamera opanda kalilole monga Zorki, FED ndi Leica palinso ngozi ina: lenzi ikasiyidwa yoloza dzuwa popanda chivindikiro imaunjika kuwala pa katani n'kuiboola m'kanthawi kochepa. Posuzumira pamalowetsanso kuwala pojambula zithunzi za nthawi yaitali kamera ili pa miyendo yake diso lisali pamenepo. Nikon F3 ili ndi kotsekera kakekake. Pa ena chala kapena kansalu kakuda n'kokwanira.

Tochi ikalephera, filimu yeniyeni ndiyo imagamula. Imasankhidwa ya ISO 400, yotchipa, ndipo imaikidwa pamthunzi. Lenzi itavalidwa chivindikiro, zithunzi zitatu zopanda kanthu zimadinidwa n'kukokedwa. Ndiye mipata yonse ya chitseko imamatidwa ndi tepi yakuda ya magetsi, kupatula mbali imodzi, mwachitsanzo ya mahinjesi, ndipo mbali imeneyo imalozetsedwa kudzuwa kwa mphindi 5 kapena 10. Kamera isasiyidwe mpaka kutentha. Kenaka, pamthunzi, zithunzi zina zitatu zopanda kanthu zimakokedwa kuti mayeso asasakanikirane, tepi imasamutsidwa, mbali ina n'kuyesedwa. Nambala ya chithunzi ndi mbali yoyesedwa zimalembedwa papepala nthawi yomweyo. Popanda pepalali filimu yonse yangotayika. Pomaliza mipata yonse imamatidwa, chivindikiro n'kuchotsedwa, lenzi n'kutsegulidwa kwathunthu kuloza thambo lowala kutali ndi dzuwa, osadina shutter. Banga likaoneka pamenepa, ndi la katani. Wotsuka auzidwe kuti filimuyo ndi yoyesera, kuti asaitaye poganiza kuti sinajambulidwe.

Makamera a filimu ya 120, yomwe Kodak inayamba kupanga mu 1901, ali ndi zawozawo. Filimuyi ilibe kachitini. Imatetezedwa ndi pepala lakumbuyo lokha. Ikakulungika mokhwepa, kuwala kumalowera m'mbali potulutsa, n'kusiya mabanga m'mphepete, makamaka pa zithunzi zomaliza. Mankhwala ake ndi kutulutsira pamthunzi ndi kumanga pepalalo mothina nthawi yomweyo. Kazenera kofiira kowerengera manambala kanapangidwira mafilimu akale osamva zofiira, choncho ndi filimu yamakono kazikhala kotseka kupatula pokoka. Pa makamera opinda, monga Agfa Isolette, mvukuto ndiwo woyamba kukayikiridwa. Umatambasulidwa wonse, tochi n'kulowetsedwa mkati mumdima, ndipo timabowo timaonekera m'makona a mapindo. Pa Hasselblad ndi Mamiya RB67, polowera kachitsulo kotchinga filimu pali zotchinga zomwe zimatha, ndipo banga lake limachokera mbali imodzi yokhayo. Holga, kamera yapulasitiki ya ku Hong Kong, imalowa kuwala ikadali yatsopano, ndipo ena amaikondera chomwecho. Amene sakufuna amangoimata tepi.

Kusintha siponji ndi ntchito yofuna kudekha kuposa luso. Zenera la shutter limaphimbidwa kaye ndi kapepala kolimba komatidwa m'mbali, kuti zinyalala zisagwere pa katani. Siponji yakale imafewetsedwa ndi kadontho ka isopropyl alcohol, n'kupalidwa ndi kamtengo kansungwi kosongoledwa molingana ndi kangalande. Chitsulo chisagwiritsidwe ntchito, chifukwa chimakanda utoto wakuda n'kusiya ponyezimira. Timapepala tofewa tonyowetsedwa timakankhidwa m'kangalande mobwerezabwereza mpaka titatuluka toyera, ndipo gawo limeneli ndilo limadya nthawi yambiri. Mankhwalawa asafike pa kalilole kapena pa galasi lolunjikitsira, lomwe ndi lapulasitiki ndipo likachita chifunga silibwereranso.

Siponji yatsopano imakhala yokhuthala milimita imodzi mpaka iwiri, kutengera malo. Yokhuthala mopyola imakakamiza chitseko, imatopetsa loko, ndipo itha kutsegula mpata watsopano pakona. M'tingalande, ulusi wakuda wolukira majuzi umagwira bwino ntchito ndipo susungunuka. Umangokankhidwira mkati ndi kugwiritsidwa ndi guluu pang'ono kumapeto kwake. Pa mahinjesi pamayenera kansalu kaubweya kakuda kapena siponji yopyapyala. M'kangalande ka pamwamba ka makamera ambiri muli kachitsulo kakang'ono komwe chitseko chimadina kuti chowerengera zithunzi chiziyenda ndi kubwerera poyambira. Pamenepo pamasiyidwa mpata, apo ayi manambala amasokonekera.

Timabowo tochepa pa katani kapena pa mvukuto timatsekedwa ndi utoto wakuda wopaka pa nsalu, wopakidwa mopyapyala kwambiri ndi kusiyidwa kuti uume tsiku lathunthu shutter isanadinidwe kapena mvukuto usanapindidwe. Utoto wochuluka umalemeretsa katani n'kusintha liwiro lake. Katani yomwe labala wake akufumbutuka ponseponse, kapena shutter ya timasamba tachitsulo topindika, si za kunyumba. Zimafuna mmisiri wa makamera.

Ntchito ikatha, chitseko chimasiyidwa chotseka usiku umodzi kuti siponji ikhazikike, ndipo mayeso a filimu amabwerezedwa, ulendo uno popanda tepi, mbali iliyonse ikuonetsedwa kudzuwa nthawi yofanana ndi poyamba. Negativu yatsopano imayalidwa pambali pa yakale. Banga likachepa koma osatheratu, ndiye kuti malo ndi omwewo koma siponji yapyapyala kapena yafupika pakona. Likasamukira mbali ina, chitseko chakakamizika ndipo siponji ichepetsedwe. Likakhala chimodzimodzi, mpata uli pena, ndipo negativu yakale ibwezedwenso pa njanji n'kusendezedwa chithunzi china kumanja kapena kumanzere.